Njovu ya M'kathumba

Dailesi anali atangoyamba kuyanika chinangwa chovuula pathandala pamene mlamu wake Rukiya analowa pampanda akuthamanga, dengu lopanda kanthu lili m'manja, mpango utapendekera kukhutu.

"Achimwene ali kuti?"

"Ali kuseri, akusoka ukonde. Mwaswera bwanji, alamu?"

"Moni tidzapatsana mawa. Kiyi wa thiranki ya amayi ali kuti?"

Sanadikire yankho. Anadutsa pakhonde pamene panagona mayi ake, a Rahila, amene chifereni ziwalo mbali imodzi ankangotsata anthu ndi maso. Anawalumpha miyendo ngati akulumpha mtolo wa nkhuni. Dailesi anapukuta manja n'kukawabwezera apongozi akewo nsalu imene phazi la Rukiya linakoka. M'nyumbamo munamveka thiranki ikukhwekhwerezedwa.

Amuna ake a Dailesi, a Adamu, anatulukira ndi ulusi wa ukonde uli pakhosi.

"Iwe Rukiya, chakuluma n'chiyani?"

"Achimwene, umphawi wathu watha lero! Kumsika wa paboma kwafika munthu wa njinga yamoto, dzina lake Fakiri, akugula ndalama zakale. Za tambala, za mfumukazi, zobowola pakati zija, zonsezo akuti n'zamasanje. Ilipo imodzi yokha imene azungu osonkhanitsa ndalama amagona akuilota. Yagolide, ya nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, yokhala ndi njovu yokweza chitamba. Akuti amene ali nayo anene yekha chimene mtima wake ukufuna. Boti la injini, nyumba ya malata, ulendo wa ku Maka!"

"Ukunena Njovu ya agogo?"

"Nanga ina ili kuti?"

Njovuyo aliyense pabanjapo ankaidziwa. Bambo awo a mayi Rahila ndiwo anabwera nayo kuchokera ku Tabora, kumene anakasenza katundu wa asilikali. Anaisokera m'kathumba, ndipo mwana aliyense wobadwa pamtunduwo ankamumangirira kathumbako m'chiuno mpaka atamera mano. Mayi wa mwanayo ankadula kachigamba kuchitenje chake n'kusokerera pamwamba pa zigamba za amayi am'mbuyo. Kumasula kunalibe. Choncho kathumbako kananenepa ngati njere ya mango, ndipo mwa amoyo onse, amene anaionapo ndalamayo ndi maso anali mayi Rahila okha, ali kamtsikana.

Rukiya anakhuthulira pansi zonse za m'thiranki. Munatuluka nsalu yoyera imene mayi ake anasunga kuti idzakhale sanda yowaikira m'manda, mikanda yowerengera mapemphero ndi kabotolo ka mafuta onunkhira. Anakung'untha nsalu iliyonse, napisa m'makona monse. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amene amatsegula thiranki iyi ndani?"

"Ndine," anatero Dailesi ali pakhomo. "Potenga zovala za amayi."

"Ndiye kathumba kali kuti?"

Dailesi anayang'ana zala zake zoyera ndi chinangwa.

"Achimwene, mwamva kuyankha kwa akazi anu? Paja ndinanena ine kuti mtengwa ndi mphaka, amadziwa pamene pagona mkute."

"Khala chete, Rukiya. Dailesi, kodi unakasuntha?"

"Chinangwa chija nkhuku zitha," anatero Dailesi, natuluka.

Anakaima pathandala. Kumene kunali kathumbako ankakudziwa bwino lomwe, chifukwa amene anapita nako anali iye mwini.

A Adamu anali ndi mwana mmodzi, Sharifa, wa mkazi wawo woyamba malemu Sofiya. Dailesi anamupeza asanayambe sukulu ndipo anamulera yekha, popeza iye Mulungu sanamupatse wake. Chaka chathachi Sharifa anatenga pakati pa wogula nsomba wina amene anazimiririka ngati utsi. Tsiku lomuthamangitsa, a Adamu anaima pabwalo atagwira Korani, anthu akumva.

"Wallahi, amene adzatenge kanthu ka m'nyumba muno, ngakhale mchere wa pachala, kupita nako kwa mwana ameneyo, atuluke nako limodzi osadzabweranso."

Kuyambira tsikulo palibe anawaitananso kuti bambo a Sharifa. Mtsikanayo anakakhala ku Chia kwa Zelifa, mng'ono wa malemu mayi ake. Uthenga woti wachira, wabereka mwana wamkazi, unabwera ndi mayi wina wogulitsa mpunga amene anangomunong'oneza Dailesi pampanda. M'mawa mwake, Dailesi akuwasambitsa, mayi Rahila analoza thiranki ndi dzanja lamoyo lija. Atawapatsa kathumbako, anakafumbatitsa m'dzanja lake, nalimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka.

"Sha... Sharifa. Usa... usanene."

Amenewo anali mawu omaliza omveka amene anatuluka pakamwa pawo.

Fakiri anafika pakhomopo patapita masiku pang'ono. Anali munthu wonenepa, wa nsapato zosongoka, ndipo pokhala pampando maso ake ankayendayenda kudenga, kuzenera ndi pansi pa bedi la m'chipinda chotseguka. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa a Adamu chithunzi. Panali njovu itakweza chitamba, phiri lili kumbuyo kwake, kutsidya kwina kuli chiwombankhanga.

"Imeneyi ndiye mfumu ya zonse, bambo. Anapanga zochepa, nkhondo ili mkati. Ine ndayenda kuchokera ku Dwangwa mpaka kuno, ndaona mathiranki ambiri, koma imeneyi ayi. Inuyo Mulungu anakugonekerani chuma pansi pa pilo."

"Chasowa," anatero a Adamu.

Fakiri anaseka pang'ono, nalandira kapu ya madzi imene Dailesi anamupatsa atagwada.

"Golide alibe miyendo, bambo. Ntchito yangayi yandiphunzitsa chinthu chimodzi, kuti mbewa yodya mbewu ndi ya m'nkhokwe momwemo. Sindikunena munthu ayi. Kungoti amayi ena amabwera kwa ine mwamseri kudzafunsa mtengo, nkhope ataphimba."

"Ooneka bwanji?" anafunsa Rukiya.

"Amayi onse amafanana akavala mpango." Anabweza kapu ija akumuyang'ana Dailesi m'maso. "Zikomo, mayi. Madzi anu ndi ozizira bwino."

Rukiya anadzuka n'kukagwada pamene panagona mayi ake, nawagwedeza phewa.

"Amayi! Amayi, tandiyang'anani. Njovu anatenga ndani? Ngati pakamwa pakukana, lozani ndi dzanja."

"Alamu, musawagwedeze choncho, phewa limenelo limawapweteka," anatero Dailesi, nasendera kuti awadzutse bwino.

Maso a mayi Rahila anadzaza misozi. Dzanja lawo linayenda pamkeka, linafufuza, n'kugwira chitenje cha Dailesi zolimba, monga ankachitira tsiku lililonse akafuna kuti asawachokere.

"Mwaona!" Rukiya anawomba m'manja. "Mwaona nokha, achimwene! Wakufa ziwalo wagwira wakuba!"

Dailesi anayang'ana amuna ake. A Adamu anayang'ana ukonde wawo wong'ambika umene unali pamtengo.

Masabata otsatirawo mudzi wonse unagwidwa ndi malungo a ndalama zakale. Anyamata ankakumba m'mabwinja. Kwa oyandikana nawo, adzukulu anang'amba pilo wa agogo awo akhungu, eni ake atapita kumzikiti. Abale amene ankadyera mbale imodzi anayamba kugulirana maloko. Fakiri ankangodutsa ndi njinga yake, akuliza belu pakhomo lililonse lokhala ndi nkhalamba.

Dailesi akafika pamjigo nkhani zinkaduka. Amayi ankakokera zidebe zawo kufupi. Mmodzi yekha, mayi wachikulire wosamva bwino, ndi amene ankamusenzetsabe chidebe n'kumukonzera nkhata, ndipo Dailesi ankamutchula m'mapemphero ake.

Kunyumba a Adamu sanamukalipire. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Kale akachokera kunyanja ankapatula nsomba imodzi yonona n'kuiika pambale yake osanena kanthu. Tsopano nsomba zonse zinkapita kwa Rukiya, ndipo iwo ankadya komweko. Tsiku lina Dailesi anapeza ufa wa kondowole uli ndi mabowo a zala mpaka pansi pa dengu. Tsiku lina anapeza sutikesi yake yotseka bwinobwino, koma zovala zitapindidwa mwachimuna.

Madzulo a tsikulo Rukiya anabwera atanyamula chitenje cha Dailesi chobiriwira, cha maluwa achikasu, chimene a Adamu anamugulira pa chikondwerero cha Idi.

"Alamu, chitenje chatsopano ichi chadulidwa bwanji pakona?"

"Ndinafuna kachigamba."

"Kosokera chiyani? Chithumwa chopusitsira achimwene? Paja kwanu ku Kanyenda mumazitha. Munthu wolowa Chisilamu chifukwa cha banja, pemphero la swala lili pamilomo, mtima uli kwa asing'anga."

"Mulungu ndiye amaona mtima, alamu."

"Aona ndithu. Nanga munthu wopanda mwana, Njovu ya ana athu ingamupweteke mtima pati?"

Mawu amenewo anamulasa, koma anangotenga chitenje chake n'kuchipinda. Nthawi ya swala atamaliza mawu a Chiarabu amene anawaphunzira ali wamkulu kale, anakhalabe pamkeka n'kupemphera m'chinenero cha mayi ake.

"Mulungu wanga, inu mumaona nyerere yakuda pamwala wakuda. Ndikanena, banja langa latha ndipo ndaswa mawu a amayi. Ndikapanda kunena, ndine wakuba. Pawiri pawiri sipauzirika. Ndionetseni poponda."

M'mawa mwake anaganiza zokakatenga kathumbako, adzakaponye kuseri kwa thiranki kuti wina akatole. Ananena kuti akupita kukagula mpunga, nakwera minibasi ya ku Chia.

Anapeza Sharifa atakhala pamthunzi wa mango kuseri kwa nyumba ya Zelifa, mwana ali pamiyendo. Anali ataonda, koma atamuona anamwetulira ngati kale.

"Amayi! Mwabwera bwanji? Ababa akudziwa?"

"Ndadzera mpunga. Mwana ali bwanji?"

"Anatentha thupi sabata yatha, tinagona naye kuchipatala. Pano akuyamwa." Anafunyulula kansalu kuti amuonetse mimba. Kathumba kaja kanali m'chiuno mwa mwanayo pa chingwe chakuda, pamwamba pake pali chigamba chobiriwira cha maluwa achikasu. "Anamwino anati ndichotse, ine ndinangokasunthira kumsana. Ndikadzuka pakati pa tulo ndimakagwira, ndimati ayi, kwathu sanandifufute onse. Agogo akundikumbuka, ndiye kuti mwanayu ali ndi mtundu."

Tsiku limene Dailesi anabweretsa kathumbako, Sharifa anasokerera chigamba chake monga mwa mwambo. Atamaliza anapempha lumo n'kudula kona ya chitenje cha Dailesi. Dailesi anakana, nati mwambowo ndi wa amayi obereka. Sharifa anati, "Nanga ine anandilera ndi mtengo?" Nasoka.

Tsopano Dailesi anayang'ana chigambacho, nayang'ana kamimba ka mwanayo kakukwera ndi kutsika. Mawu amene anawakonza m'minibasi anamuthawa.

"Amayi, mwakhala chete. Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino. Bwera naye ndimunyamuleko."

Anabwerera ndi mpunga wokha. Atatsika pamsewu anaona njinga ya Fakiri itaima pagolosale, mwini wake akumwa zoziziritsa kukhosi. Anamukwezera botolo ngati moni.

Pofika kunyumba nkhani inali itamutsogolera.

"Mpunga watha pamsika wathu kuti mukaufune kutali?" anafunsa Rukiya. "A Fakiri akuti pali wogula wina amene akuyendayenda chakumwera uko. Mwagwirizana zingati?"

A Adamu anali atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Dailesi, zaka zonsezi sunandinamizepo. Ndikufunsa komaliza. Ukudziwa kumene kuli Njovu?"

"Abambo, sindinabe kanthu m'nyumba muno."

"Sindinafunse zimenezo."

Dailesi anatula mpunga uja pakhonde. A Adamu anavala chipewa chawo.

"Chabwino. Lachisanu tiwerengetsa Alubadiri."

Dailesi anali atamvapo za Alubadiri, pemphero loopsa limene anthu amawerengetsa katundu akabedwa. Ankati amene ali ndi katunduyo amapenga, kapena kuuma ngati mtengo wowombedwa ndi mphenzi. Shehe Sufiyani wa pamzikiti wawo anakana. Anati pemphero si mkondo wolasira abale, ndipo anawauza a Adamu kuti apite akagone kaye. Koma Fakiri ankadziwa mwalimu wina wa Chisilamu wakutali amene sankafunsa zambiri, ndipo anakamutenga yekha panjinga.

Lachisanu anthu atatuluka mumzikiti, pabwalo la a Adamu panadzaza. Ena anakwera pachulu kuti aone bwino. Mwalimuyo anayala mkeka, nayatsa lubani pa phale. Mayi Rahila anawakhazika pakhonde atatsamira khoma, ndipo maso awo sanachoke pa Dailesi.

"Ndisanatsegule pakamwa," anatero mwalimuyo, "amene akudziwa kanthu anene. Mawu awa akatuluka sabwerera."

Nkhuku yokha ndi imene inkapalasa pansi pa thandala. Dailesi anamva anthu onse akumuyang'ana kumsana. Mumtima anati, ngati ndi ine, zibwere, Mulungu akudziwa. Koma kenako anakumbukira kumene kunali kathumbako.

"A mwalimu, ndifunse nawo."

"Funsani, mayi."

"Pempheroli limatsata amene anatenga chinthucho, kapena amene ali nacho?"

"Limatsata chinthucho. Pamene chagona, pomwepo ndi pamene limatera."

"Ngakhale amene ali nachoyo asakudziwa kanthu?"

"Moto ukagwira tchire sufunsa kuti udzu uwu walakwa chiyani."

"Mwamva mafunso a munthu wosalakwa?" anatero Rukiya, anthu ena n'kuseka.

Mwalimuyo anakweza manja. Dailesi sankadziwa ngati pempherolo limagwiradi kapena ayi. Shehe Sufiyani ankati Mulungu salanga wosalakwa. Koma anaona kamimba kaja kakukwera ndi kutsika, ndipo anadziwa kuti sangayesere pa mwana. Anayang'ana apongozi ake, nawapepesa ndi maso.

"Imani!"

Anadzuka, nayenda mpaka pamaso pa amuna ake, nagwada.

"Njovu ili ku Chia, m'chiuno mwa mdzukulu wanu. Amayi ndi amene anandituma, ine ndi amene ndinapita nayo. Mukawerenga, muwerengera khanda limene silinamere ndi dzino lomwe."

Phokoso linabuka pabwalo. Mwalimu anatsitsa manja, nayang'ana Fakiri. A Adamu anaimirira.

"Unapita kwa mwana amene uja? Ndi katundu wa m'nyumba muno?"

"Ndinapita."

"Unalipo tsiku limene ndinagwira Korani?"

"Ndinalipo, abambo. N'chifukwa chake ndinakhala chete."

"Wandivula pamaso pa anthu. Mawu anga ndi omwe aja."

Mkulu wina wa pamudzipo anati, "A Adamu, mbalame ikatera pauta silasika." Koma a Adamu anali atalowa kale m'nyumba.

Dailesi sanalire. Anatenthetsa madzi, nawasambitsa apongozi ake, nawadzoza mafuta kumsana. Dzanja lija linagwiranso chitenje chake, ndipo anachita kumasula chala chimodzichimodzi.

"Alamu," anatero kwa Rukiya atasenza sutikesi, "muziwatembenuza pafupipafupi, angachite zilonda. Phala lizikhala lamadzimadzi, ndipo muziwamwetsera mbali ya kumanja. Akagwira chitenje chanu, sakukunenani kanthu. Amangofuna kuti mukhale nawo pang'ono."

Rukiya anayang'ana kumbali.

Ku Chia inali nyengo yokolola mpunga. Zelifa anamulandira osafunsa zambiri, nangomupatsa mkeka ndi ndodo yopunthira. Sharifa analira atamva zonse, nafuna kumasula kathumbako kuti akabweze. Dailesi anamuletsa.

"Mano sanamere. Agogo ako sanatume kuti kabwerere panjira."

Patangopita masiku ochepa, chakum'mawa, amayi akupuntha mpunga padwale pafupi ndi nyumba, kunamveka njinga yamoto. Dailesi anaidziwa kulira kwake. Kutsogolo kunali Fakiri, kumbuyo a Adamu. Ndodo zonse zinaima.

A Adamu anatsika, napereka moni kwa Zelifa yekha. Maso awo anali ofiira, malaya osachapa. Dailesi anawayang'anitsitsa kuti adziwe chimene chawabweretsa, mwana kapena Njovu, koma nkhope yawo inali yotseka.

"Tisachedwe, bambo," anatero Fakiri akutulutsa lezala m'thumba la malaya. "Tingong'amba tione ngati ndi yeniyeni. Ikakhala yeniyeni, mawa lomwe lino mukusankha boti."

Sharifa anatuluka m'nyumba atakumbatira mwana, naima kumbuyo kwa Dailesi.

"Bwera naye kuno," anatero a Adamu osamuyang'ana.

"Mupatse," ananong'ona Dailesi. "Ndi agogo ake."

A Adamu anakhala pa mtondo wogwetsa, nalandira mwanayo movutikira, ngati munthu amene manja ake aiwala. Mwanayo anawayang'ana, nagwira ndevu zawo. Iwo anachotsa kadzanjako pang'onopang'ono, nafunyulula nsalu. Fakiri anawapatsa lezala.

Chala chawo chinaima pa chigamba chobiriwira cha maluwa achikasu.

"Nsalu iyi ndi ya Dailesi."

"Ndinasoka ndine, ababa," anatero Sharifa. "Mwambo umati mayi asokepo. Ine mayi amene ndatsala nawo ndi amenewa."

"Nsanza zimenezo zisakuchedwetseni," anatero Fakiri. "Dulani pakati, kamodzi n'kamodzi."

A Adamu sanadule pakati. Anadula ulusi wa m'mphepete, nafunyulula chigamba chobiriwiracho. Pansi pake panali cha Sharifa. Anatukula chimenechonso, kenako zigamba za Rukiya zimene anasoka pa ana ake. Pansi pa izo panatulukira kansalu kofiirira kofwifwa, ka timadontho toyera, kosokedwa ndi ulusi wa ukonde.

Zelifa anasendera, nagwira pakamwa.

"Chitenje cha achemwali, malemu a Sofiya," anatero chapansipansi. "Chija anavala potuluka m'chikuta."

"Ulusi unamuthera," anatero a Adamu. "Ndinachita kumudulira kuukonde wanga."

"Bambo, dzuwa likukwera," anatero Fakiri. "Kwatsala pang'ono kuti tifike pa golide."

"Pansi pa iyi pali ya amayi, imene anasokera Rukiya. Pansi pake pali imene anasokera ine. Ndidule onsewo?"

"Nanga tidziwa bwanji kuti muli njovu? Mwina muli chitsekerero cha botolo."

"Mwina," anatero a Adamu. Anapinda lezala lija m'pepala lake n'kumubwezera. "Pitani, a Fakiri. Ine ndibwerera pa minibasi."

"Mudzandifuna! Anzanu akugona m'nyumba za malata, inu mukulondera nsanza!"

Njinga inalira, fumbi linakwera, mayi wina padwale anati, "Apite nazo nsapato zakezo," anzake n'kuseka.

A Adamu anabwezera zigamba zija chimodzichimodzi, chobiriwira chija pamwamba, nazigwira ndi chala kuti zisagwe.

"Pakufunika singano," anatero. Kenako, maso ali pansi, anayankhula motsitsa kwambiri moti ndi Dailesi yekha amene anamva. "Amayi akukana phala la Rukiya. Dzulo ndinapita kwa Shehe Sufiyani. Akuti lumbiro lodula chibale ndi lofunika kuliswa, ndikadyetse osauka kapena ndisale kudya. Ndiye tiyeni kunyumba, nonse. Zinazo zatha."

Dailesi anayang'ana mpunga umene unamatirira kumapazi kwake. Moyo wake wonse sanawabwezepo mawu amuna ake.

"Abambo, sindinamve."

"Ndati zatha. Tiyeni."

"Lumbiro lija anthu analimva mpaka kugombe. Dzina la wakuba ndinalisenza pamjigo, pamsika ndi pabwalo lodzaza. Mwana uyu anatuluka pampanda anthu akuonerera. Ine ndingathe kubwerera ndi mawu a kukhutu, ndinazolowera. Koma uyu akalowa bwanji m'mudzi muja?"

A Adamu anakweza maso kwa nthawi yoyamba n'kumuyang'ana Sharifa. Anaona mafupa a m'khosi mwake, ndi chitenje chake chodulidwa pakona. Anadzuka ndi mwana m'manja, nayenda mpaka pakati pa dwale, pamene panali amayi opuntha mpunga ndi anthu odutsa amene anaima kuti aone. Anavula chipewa, nagwada pamankhusu.

"Amayi inu nonse, mundimvere, ndipo amene akupita kwathu akanene, inenso ndikabwereza Lachisanu pakhomo la mzikiti. Ine ndine bambo a Sharifa, ndipo uyu ndi mdzukulu wanga. Mkazi wanga sanabe kanthu. Ndinapisa zala mu ufa wake, ndinamuitanira tsoka pabwalo, iye akusunga magazi anga amene ine ndinataya. Sharifa, mwana wanga, ndikhululukire. Dailesi, chifukwa cha Mulungu, ndakulakwira, ndikhululukire."